Wolemba zachikondi alibe ofesi: za a Kalitera ndi anzawo

Anthu ophunzira a m'dziko muno akakhala pansi kuwerengera alembi athu, maina amatuluka omweomwewo: Rubadiri, Kayira, Mapanje, Chimombo, Chipasula. Dzina la Aubrey Kalitera limabwera mochedwa, mwinanso osabwera n'komwe, ndipo likatchulidwa ena amayamba amwetulira kaye ngati mwawakumbutsa chibwenzi cha kusukulu. Mlandu wa mkuluyu ndi umodzi basi: ankalemba zachikondi. Komatu kafunseni amene ankagwira ntchito m'maofesi a mu Blantyre ndi ku Limbe m'zaka za m'ma 1980 kuti buku la Mmalawi limene analiwerenga mpaka kumapeto, popanda mphunzitsi wowaopseza ndi mayeso, linali la yani. Mudzalimva dzinali kangapo.

A Kalitera anabadwa m'chaka cha 1948 m'boma la Blantyre. Buku lawo loyamba, A Taste of Business, linatuluka mu 1976 ali ndi zaka 28, ndipo silinasindikizidwe kuno. Linatulukira ku Nairobi, m'gulu la timabuku ta Spear Books tomwe cholinga chake chinali kupatsa anthu wamba nkhani zowerenga posangalala. Lachiwiri, A Prisoner's Letter, linatsatira mu 1979, nalonso ku Kenya komweko. Kuno kwathu khomo linali lopapatiza. A Popular Publications ku Limbe anali atangoyamba kumene kutulutsa mabuku a alembi a Chimalawi, ndipo sakanatha kunyamula aliyense. Pamwamba pa izo panali bungwe lounika mabuku ndi mafilimu lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, lomwe linkaopa ndale komanso linkaopa siketi yaifupi chimodzimodzi. Tangoganizani kulemba za mnyamata ndi mtsikana ali awiriwiri, uku mukudziwa kuti pali wina amene awerenge ndi cholembera chofiira m'manja.

Buku loyamba limanamiza. Wolemba akaona dzina lake pachikuto amayesa kuti wafika, achibale nawo amayesa kuti walemera. Zoona zake n'zakuti wosindikiza ali kutali, ndalama ya wolemba ndi kagawo kochepa ka mtengo wa buku, imabwera patapita miyezi, ndipo bukulo m'masitolo a kwanu limangooneka apo ndi apo. Ambiri amathera pomwepa, buku limodzi n'kubwerera ku ntchito ya pamwezi. A Kalitera anachita zina. Anatsegula kampani yawoyawo, Power Pen Books, n'kuyamba kulemba, kusindikiza ndi kugulitsa okha. Why Father Why linatuluka mu 1982, kenaka Mother, Why Mother ndi Why Son Why motsatizana, ndi ena angapo, kuphatikizapo magazini ya nkhani zifupizifupi yotchedwa Sweet Mag. Makasitomala awo anali makalaliki, masekilitale ndi ena olandira pamwezi, ndipo mabukuwo ankawapeza anthuwa komwe ankagwira ntchitoko.

Apa mpamene ine ndimaona kuti nkhani ya "moyo wolemba" ndi "moyo wa pakhomo", yomwe manyuzipepala a kunja amakonda kufunsa alembi awo ngati zinthu ziwiri zosiyana, kwathu kuno ndi chinthu chimodzi. Wolemba wa ku London amafunsidwa kuti amalemba nthawi yanji ana akapita kusukulu, ndi kuti chipinda chake cholembera chayang'ana kuti. Wathu alibe chipinda. Tebulo lolembera ndi lomwelo lodyerapo nsima, ndipo nthawi ya mgonero ikakwana mapepala amasamuka. Ndalama yogulira pepala ndi riboni ya taipilaita imatuluka m'thumba lomwelo la ufa ndi fizi. Munthu akaganiza zodzisindikizira yekha, ndiye kuti banja lonse lalowa nawo bizinesi ngakhale silinafunsidwe: buku likapanda kuyenda malonda, ndiwo za mwezi umenewo zimadziwa.

Pitani ku Chileka mukaone kusiyana kwake ndi luso lina. M'mudzi wa Singano munatuluka Daniel ndi Donald Kachamba, amene katswiri wa ku Austria Gerhard Kubik anayamba kuwajambula mu 1967, ndipo dera lomwelo linadzatipatsa Evison Matafale ndi Black Missionaries. Luso lawo linakulira pakhomo, ndipo pakhomo panalilandira. Munthu akagwira gitala pakhonde ana amathamangira, akuluakulu amakoka mipando, mlamu amabwera ndi ng'oma. Koma tengani kope ndi cholembera mukhale pakhonde lomwelo maola atatu osayankhula ndi munthu. Ayamba kufunsana ngati mukudwala, kapena mwakwiya, kapena mukulembera kalata winawake. Woimba amaitana anthu, wolemba amawathamangitsa, ndipo mudzi sukonda munthu wothamangitsa anzake. Nchifukwa chake Chileka, ngakhale ili ndi bwalo la ndege pakhomo ndi mzinda pafupi, imadziwika ndi nyimbo osati mabuku.

Tsono taonaninso maina a mabuku aja. Wolemba zachikondi uyu sakufunsa wokondedwa wake. Akufunsa bambo, akufunsa mayi, akufunsa mwana. Ine ndimati apa mpamene a Kalitera anaposa mabuku a Mills & Boon amene atsikana a sekondale ankabwerekana mpaka chikuto kuthothoka. M'mabuku a Azungu aja anthu okondana ali awiri okha padziko, chowalekanitsa ndi kusamvana kwa mitima yawo, ndipo nkhani imatha akapsompsonana patsamba lomaliza. Kwathu nkhani imayambira pamenepo. Mnyamata wa ku Lirangwe akafunsira mbeta sanathane nazo: pali ankhoswe, pali amalume eni mbumba, pali funso loti banjali likakhala kuti, kuchikamwini kapena mkazi atengedwe chitengwa, pali munda woti apatsidwe ndi apongozi oti aziwapewa panjira. Ndipo pali bambo uja anakwera sitima pa siteshoni ya Lirangwe kunka kukafuna ntchito, osabweranso, n'kusiya ana amene akula osadziwa abale awo a kuchimuna. Chikondi chathu chili ndi anthu ambiri m'kati. Wolemba amene wazindikira zimenezi, ngakhale chiganizo chake chikhale chopunduka, wagwira mtima wa nkhani kuposa amene wakopera bwino za ku London n'kungosintha maina.

Sindikuti mabukuwa alibe chilema, ayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu amene ali wolemba, mkonzi, wosindikiza ndi wogulitsa nthawi imodzi alibe womuuza kuti mutu uwu watalika, apa mwabwereza, apa mwathamanga. Changu chimaoneka. Munthu wodzisindikizira salemba buku lachiwiri chifukwa choti lapsa m'mutu, amalemba chifukwa loyamba latha ndipo makasitomala akufunsa, ndiponso lendi sidikira. Koma kodi mlandu umenewu ndi wa wolemba, kapena wa dziko limene linalibe akonzi oti n'kumuthandiza?

Chilema chachikulu kwa ine ndi chiyankhulo. A Kalitera ankalemba m'Chingerezi poti amene anali ndi ndalama yogulira buku anali a m'maofesi. Malonda anali olondola. Koma zotsatira zake n'zakuti anthu a ku Lirangwe, Lunzu ndi Matindi, amene moyo wawo ndiwo mgodi wa nkhani zotere, ambiri sanawerenge nawo. Iwowa anafikiridwa ndi a Willie Zingani ndi Madzi Akatayika, kapena a Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta, mabuku a Chichewa a m'zaka zomwezo. Ndipo pofunsira mbeta, abale, ndani amafunsira m'Chingerezi mpaka kumapeto? Mawu oyamba mwina, pofuna kudzionetsa. Zikafika povuta, pamene mtsikana wayang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi, aliyense amabwerera ku chiyankhulo cha amayi ake.

Zonsezi n'za mwamuna. Kwa mkazi mtolo umalemera kawiri. Mayi woyamba wa Chimalawi kutulutsa buku la nthano yaitali anali a Walije Gondwe a ku Mzimba, ndipo buku lawo loyambalo, Love's Dilemma, linali lachikondi. Linatuluka mu 1985 m'gulu la Pacesetters la kampani ya Macmillan, iwo atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 50, akukhala ku England. Zinthu ziwirizi, msinkhu ndi mtunda, zisatidutse. Mwamuna akalemba za chibwenzi cha mseri anthu amati ali ndi luso. Mkazi wapabanja akalemba zomwezo funso limakhala lakuti, "Iyeyu wazidziwira kuti?" Bambo a kunyumba amawerenga ngati wapolisi, apongozi amamva kwa anthu a kumpingo, ndipo mayi wa pa chigayo amene sanalione n'komwe bukulo amadziwa kale kuti mwamuna wa m'nkhaniyo ndi uje wa pa golosale. Onjezanipo madzi okatunga, nkhuni, mwana kumsana ndi maliro a m'mudzi osati n'kujomba. Nthawi yolemba imatsala ya usiku, pamene maso atopa kale. Lero atsikana ambiri akulemba nkhani zachikondi m'Chichewa pa foni n'kumazitulutsa pang'onopang'ono pa Facebook, ndipo sizodabwitsa kuti ena amabisala kuseri kwa maina opeka. Foni yachotsa vuto la pepala, koma apongozi akadalipo.

Chomvetsa manyazi n'chakuti mmodzi mwa amene anawatenga a Kalitera ngati wolemba woyenera kumuphunzira anali mlendo. Pulofesa Bernth Lindfors wa ku yunivesite ya Texas ku America analemba za iwo ndi awerengi awo a m'maofesi m'buku lake la 1991 lonena za mabuku a anthu wamba mu Africa. Ife maso athu anali ku Zomba, ku gulu la alembi la pa Chancellor College, ndipo m'pomveka: ndakatulo zawo zinali zolimba mtima, a Mapanje anakhala m'ndende kuyambira 1987 mpaka 1991. Koma ndakatulo zija zinkafuna munthu wodziwa kumasula mikuluwiko. Kalaliki wa ku Ginnery Corner ankafuna nkhani yoti awerenge m'basi popita kunyumba, ndipo amene anamupatsa chizolowezi chotulutsa ndalama m'thumba kugula buku la Mmalawi mnzake sanali wa ku Zomba.

A Kalitera sanaimire pa mabuku. Nkhani yawo ya To Ndirande Mountain with Love anaisandutsa filimu m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene kupanga filimu m'Malawi kunali ngati kulota masana. Koma kampani ya munthu mmodzi imayenda ndi miyendo ya mwini wakeyo. Mabuku a Power Pen lero ndi osowa, ndipo wophunzira wofuna kuwawerenga amayamba wafunsa kwa azakhali amene anali sekilitale, ngati chiswe chinawasiyirako m'katoni ya pansi pa bedi. Bungwe la alembi la MAWU lilipo kuyambira 1995, osindikiza mabuku aliponso angapo mu Blantyre ndi Lilongwe. Mmodzi mwa iwo atakhala pansi ndi a kubanja, n'kutulutsanso Why Father Why atalikonza bwino, kenaka n'kupeza munthu wa Chichewa chakupsa kuti alimasulire, bukulo likhoza kukagulitsidwa pa msika wa Lirangwe pambali pa makope ndi mabuku a nyimbo.