Zala zotsalira paphewa la malemu

Ku Caledonia, kum'mawa kwa Harare kufupi ndi Tafara ndi Mabvuku kumene kuli zidzukulu zambiri za Amalawi, si zachilendo kuona anamfedwa atavala masikipa okhala ndi nkhope ya malemu. Wosindikiza amadula nkhopeyo pachithunzi cha ukwati kapena cha kutchalitchi, n'kuiika pakati pa mitambo ndi nkhunda. Ambiri amangoti ndi bizinezi ya maliro, koma limeneli ndi luso, ndipo lili ndi makolo ake.

Mu 1923 ku Moscow, Aleksandr Rodchenko anadula ndi kumata zithunzi za m'buku la ndakatulo ya Vladimir Mayakovsky yotchedwa Pro Eto. Pachikuto anaikapo nkhope ya Lilya Brik, maso ali tong'o. M'kati anasakaniza anthu, telefoni ndi zinyama. Sanabise pamene sizasi inadutsa, choncho woona amadziwiratu kuti pali munthu amene wasankha kuti ichi chigundane ndi icho. Mu 1924 El Lissitzky, akudwala TB ku Switzerland, anasanjikiza zithunzi mpaka diso lake kuonekera m'chikhatho chogwira kampasi. Msoko suoneka, komabe sanapusitse aliyense, poti diso silimera m'manja.

Bodza linadzalowa pamene Gustav Klutsis anayamba kuimika Stalin pazithunzi zake ali wamkulu ngati phiri pamwamba pa khamu la tianthu. Boma la Stalin lomwelo linapha Klutsis mu 1938.

Bodza la masikipa athu ndi lofatsa, koma ndi bodza ndithu. Mapulogalamu a pafoni amasalaza chilichonse: makwinya a agogo amafafanizika, khungu limayezuka, chipsera cha pamphumi chimene ana ankachidziwa chimasowa. Mapeto ake abale amavala munthu amene sanamuonepo.

Ine ndimalemekeza wosindikiza amene saopa kuti msoko uoneke. Nthawi zina paphewa la malemu pamatsalira zala za amene anaima naye tsiku lojambulitsalo, mwina mchemwali, mwina mnzake wa kumpingo. Ena amati uku n'kuphonya ntchito. Ayi, zala zimenezo ndizo zikuchitira umboni kuti nkhopeyi inachokera pakati pa anthu, osati m'mitambo. Ndiponso ku Caledonia, kumene boma linasonkhanitsa anthu ogumuliridwa nyumba pa Murambatsvina mu 2005, banja lina likhoza kukhala ndi chithunzi chimodzi chokhacho. Wosindikiza asanafafanize kalikonse, ayambe wafunsa eni maliro.