Alec Guinness: Mmisiri Wobisala M'nkhope za Ena

Mwa amisiri a zisudzo alipo ena amene timapita kukaona iwo eni, ndipo alipo ena amene timabwerako titaiwala kuti analipo, chifukwa tangoona munthu amene anamuvala. Alec Guinness, amene anabadwira ku London mu 1914 namwalira mu 2000, anali wa mtundu wachiwiriwu. Ntchito anaiphunzira pa bwalo la zisudzo. Mu 1934 John Gielgud anampatsa kagawo ka Osric m'sewero la Hamlet, ndipo patapita zaka zinayi anasewera Hamlet mwini wake ku Old Vic. Nkhope yake inalibe chokopa, koma iye ankaiumba monga mayi aumbira dongo: mu kanema wa Kind Hearts and Coronets wa 1949 anasewera anthu asanu ndi atatu a banja limodzi, mmodzi mwa iwo mkazi.

Luso lotere lili ndi msampha wake, ndipo sitingamkometsere pamene anakodwa. Mu 1948 anasewera Fagin mu Oliver Twist atamatidwa chimphuno chachikulu, chofanana ndi zithunzi zonyoza Ayuda, patangopita zaka zitatu nkhondo ya Hitler itatha. Ku America kanemayo anayamba kuonetsedwa mu 1951, atadulidwa mbali zina. Ena amati iye ankangotsata zojambula za m'buku la Dickens. Ife tikuona kuti yankho limeneli silikwanira, pakuti ukatswiri wake ndiwo unapatsa chitonzocho mphamvu. Wosewera wosadziwa ntchito akadangosekedwa.

Chovala chinanso chinamtengera kwina. Pojambula kanema wa Father Brown, amene anatuluka mu 1954, ankayenda madzulo m'mudzi wina wa ku France atavala mkanjo wa wansembe. Kamnyamata kena kanamthamangira, n'kumgwira dzanja, n'kumayenda naye kakulongolola. Iye anangokhala chete poopa kuti Chifalansa chake chosathyoka bwino chimuulula. Mwanayo anakhulupirira mkanjo, mwini wake osamdziwa konse, ndipo zimenezi zinagwedeza maganizo oipa amene Guinness anali nawo pa ansembe. Mwana wake Matthew atadwala poliyo n'kuchira, njira inatsegukabe, ndipo mu 1956 analandiridwa mu Mpingo wa Katolika. Ife ovala mkanjowo tsiku ndi tsiku, nkhaniyi timaimva ndi mantha pang'ono.

Koma ntchito yake yoposa zonse, mwa kuona kwathu, si ija ya The Bridge on the River Kwai ya 1957, ngakhale inampatsa mphoto ya Oscar. Ili pa wailesi ya kanema ya BBC, m'magawo asanu ndi awiri a Tinker Tailor Soldier Spy a 1979. Kumeneko ndi George Smiley, kazitape wokalamba amene anachotsedwa ntchito, ndipo aitanidwanso kuti apeze wompereka pakati pa anzake. Guinness, wa zaka 65, sachita zambiri. Apukuta magalasi, akhala pansi, afunsa funso lalifupi, kenaka adikira. Wofunsidwayo alephera kupirira chetecho nayamba kuulula zimene sanafunsidwe. Ndipo pamene zidziwika kuti wompereka uja ndi yemwenso ankayenda ndi mkazi wake, palibe kufuula kapena misozi. Maso okha ndiwo afooka. Amene anakhalapo maola ambiri akumvera anthu akulapa adzauzindikira ukhalidwe umenewu wa kumva zopweteka popanda kudodoma.

Ana athu amamdziwa monga Obi-Wan Kenobi wa mu Star Wars ya 1977, gawo limene linamlemeretsa koma linamtopetsa, kotero kuti makalata a oikonda kanemayo ankawataya osawerenga. Smiley anabwereranso kwa iye mu 1982, m'magawo asanu ndi limodzi a Smiley's People, ndipo pamenepo mawu anachepanso koposa.