Nsagwada ya ku Uraha ndi Tsiku la Brahma

Mwezi wathawu, titangotsiriza swala ya Asr, mnyamata wina wa Fomu 4 anatsalira pakhonde la madrasa anzake atabalalika. Ndinamuphunzitsa alifu ndi baa ali kamwana, choncho ndinadziwa kuti akatsalira chotero ndiye kuti chilipo chamuvuta. Anati kusukulu afika pa mutu wa chisinthiko cha zamoyo, ndipo mnzake wina wamuuza kuti mabuku akale a Ahindu anatchula msinkhu wa dziko lapansi asayansi asanabadwe, zaka mabiliyoni anayi ndi kanthu, ndiponso kuti anandandalika zamoyo kuyambira pa nsomba kufika pa munthu. Kenako anafunsa kuti, "Shehe, ngati iwo anadziwa zimenezi, ife tili ndi chiyani?"

Sindinamuyankhe tsiku lomwelo. Ndinapita kukafukula buku limene ndinaliwerenga mothamanga ndili ku koleji, la Abu Rayhan al-Biruni lonena za dziko la India, limene ambiri amangolitchula kuti Kitab al-Hind. Al-Biruni anabadwa m'chaka cha 973 ku Khwarazm, ndipo bukuli analitsiriza cha m'ma 1030 ali mu ulamuliro wa Ghazni, kumene Sultan Mahmud anamutengera. Mahmud ankalowa m'India ndi lupanga. Al-Biruni anaphunzira Chisanskrit, nakhala pansi ndi anthu ophunzira a kumeneko, ndipo sanabise kuti nkhondo za mfumu yakeyo ndi zimene zinachititsa Ahindu kudana ndi Asilamu. Koyambirira kwa bukuli ananena kuti sakulemba kuti atsutse, akufuna kufotokoza zimene eni ake amakhulupirira monga momwe amazinenera. Padutsa zaka pafupifupi 1,000, koma sindinaonepo njira ina yabwino yowerengera buku la mnzako kuposa imeneyi.

Tiyambe ndi chiwerengero chenichenicho, monga al-Biruni anachipezera m'mabuku otchedwa Purana ndi m'mabuku a akatswiri a nyenyezi. Nthawi imagawidwa m'nyengo zinayi zotchedwa yuga. Yotsiriza, Kali, imene amati tilimo tsopano, ndi zaka 432,000. Dvapara ndi zaka zimenezi kawiri, Treta katatu, Krita kanayi. Zonse pamodzi ndi zaka 4,320,000, ndipo zikazungulira ka 1,000 zimapanga kalpa imodzi, zaka 4,320,000,000, limene ndi usana umodzi wa Brahma. Asayansi amati dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4,540,000,000. Ukaziika pafupi ziwerengero ziwirizi mtima umadumphadi, ndipo sindikumuseka mnyamata wanga.

Ulemu woyenera tiupereke. Pamene bishopu James Ussher wa ku Ireland ankalemba m'chaka cha 1650 kuti chilengedwe chinayamba zaka 4004 Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe, anzeru a ku India anali atazolowera kale kuganiza za nthawi yopanda malire ooneka. Ngakhale manambala amene ndalembera ziwerengerozi anachokera kwa iwo, nafika kwa ife kudzera mwa al-Khwarizmi ndi anzake. Msilamu amene amanyoza nzeru za Ahindu akunyoza ndi cholembera chobwereka.

Koma kalpa si msinkhu wa dziko. Ndi utali wa tsiku limodzi mwa masiku osawerengeka amene amabwerezabwereza, ndipo tsikulo silinathe. Malinga ndi mawerengedwe a mabuku omwewo, tili m'nyengo ya Manu wachisanu ndi chiwiri mwa 14, ndipo zaka zimene zapita chiyambire kalpa ino ndi pafupifupi 1,970,000,000. Ngati tifuna kuyerekeza mwachilungamo, chiwerengero choyenera kuikidwa pafupi ndi cha asayansi ndi chimenechi, ndipo sichifika ngakhale theka. Amene amafalitsa nkhaniyi anatola chiwerengero chimene chikufanana, nasiya chimene chikuyankha funso. Komanso 4,320,000 sichinachokere pa kuyeza mwala uliwonse. Ndi zaka 12,000 za milungu zochulukitsidwa ndi 360, popeza amati chaka chimodzi cha anthu ndi tsiku limodzi la milungu. Ndi masamu okongola, oyenda bwino ngati ndakatulo, koma mwala ukanati unene zina, masamuwo sakanasintha.

Chiwerengero cha asayansi chinabwera mwa njira ina. Mwala wa uranium, womwe uja amakumba ku Kayelekera m'boma la Karonga, umasanduka mtovu pang'onopang'ono pa liwiro lodziwika: theka la mtundu wake wofala limasanduka pa zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5. Poyeza mitundu ya mtovu m'miyala yogwa kuchokera kumwamba, Clair Patterson wa ku America analengeza m'chaka cha 1956 kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 4.55. Ena anabwereza kuyezako ndi miyala ina ndi zida zina, napeza zoyandikana. Ubwino wa chiwerengero chimenechi uli pakuti chikanatha kugwa ndipo sichinagwe.

Nkhani ya nsomba ndi munthu ndiyofooka kuposa pamenepa. Ahindu amakhulupirira kuti Vishnu anatsika m'maonekedwe osiyanasiyana, ndipo mndandanda wotchuka wa khumi umayamba ndi nsomba, kamba, nguluwe, munthu wamutu wa mkango, munthu wamfupi, kenako anthu enieni. Atero kuti uku ndi kuchoka m'madzi kufika kumtunda. Koma buku la Bhagavata Purana lili ndi mndandanda wa 22, ndipo mmenemo nguluwe ndi yachiwiri, nsomba ndi yakhumi. Choposa apo, m'nkhani ya nsombayo amene anaitola m'madzi ili kang'ono naisamalira ndi Manu, munthu. Munthu analipo kale. Nkhaniyo ikuphunzitsa za kupulumutsidwa ku chigumula, ndipo woisandutsa phunziro la Biology akuilanda tanthauzo limene eni ake anaipatsa.

Pano tisapite kutali, dziko lathu lomweli lili ndi mboni. M'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2004, muli chithunzithunzi cha mafupa a Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali cha mtundu wa dinosaur, chotalika mamita oposa 10, chimene chinkadya masamba kuno zaka zopitirira mamiliyoni 100 zapitazo. Dzina lake lachiwiri, dixeyi, limakumbutsa Frank Dixey, amene ankatsogolera ofesi yofufuza za miyala kuno ku Zomba m'zaka za m'ma 1920. Mmalawi mnzathu Elizabeth Gomani anafufuza mafupa amenewa, ndipo m'chaka cha 2005 anapatsa dzina chinyama china cha kumeneko, Karongasaurus. Miyala ya phiri la Zomba ndi Malosa, imene timaiona tikatuluka mumzikiti m'mawa, inauma pansi pa nthaka m'nyengo yomweyo. Mndandanda wa nsomba ndi kamba sudziwa kanthu za zinyama zimenezi, ngakhale za zaka pafupifupi mabiliyoni atatu zimene zamoyo zinali tizilombo tosaoneka ndi maso.

Ndiye pali nsagwada. M'chaka cha 1991, pa Uraha pafupi ndi Chilumba, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya m'munsi ya cholengedwa chimene asayansi amachitcha Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2,400,000. Ndinatenga pensulo kuwerengera chammbuyo. Kali yadya zaka zopitirira pang'ono 5,000. Kuwonjezera Dvapara ndi Treta tikufika pa zaka 2,165,000. Ndiye kuti mwini nsagwadayo anakhala m'nyengo ya Krita, imene mabukuwo amati anthu anali angwiro, a moyo wautali, odziwa choonadi chonse. Chigaza cha mtundu womwewo chimene chinapezeka ku Kenya chimaonetsa ubongo wongopitirira pang'ono theka la wathu. Mabuku a Purana amati munthu anayamba pamwamba ndipo akutsetsereka. Mafupa a ku Karonga akunena nkhani ina. Munthu angasankhe kukhulupirira mabukuwo, ndi ufulu wake, koma asanene kuti ziwirizi zikugwirizana.

Chimene chimandikopa mwa al-Biruni ndi chakuti ankasiyanitsa chimene wamva ndi chimene waona. Za kalpa analemba monga wonena mawu a ena. Koma pofika pa zigwa za India analemba monga mboni: anaona kuti ukakumba umapeza miyala yobulungira, ikuluikulu pafupi ndi mapiri, ing'onoing'ono ukamatalikira, ndi mchenga pafupi ndi nyanja, ndipo anaganiza kuti dera lonselo linali nyanja imene mitsinje inaikwirira. Aliyense wa ife amene anatsatapo mtsinje wa Domasi kuchokera m'mathanthwe a kuphiri mpaka m'matope a mpunga kumunsi kwa Chilwa anawerenga tsamba lomwelo ndi mapazi ake. Anadzudzulanso Brahmagupta, katswiri amene iye ankamulemekeza kwambiri, chifukwa choikira kumbuyo nthano yakuti kadamsana amachitika pamene Rahu wameza dzuwa kapena mwezi, chikhalirecho masamu ake omwe ankaonetsa kuti ndi mthunzi. Al-Biruni anaganiza kuti mkuluyo anaopa ansembe. Sikuti bukuli lilibe zilema. Pali malo amene liwu lake limakwera, nalankhula za Ahindu onse ngati anthu odzikuza osafuna kuphunzira kwa ena, ndipo munthu wobwera ndi gulu lankhondo la adani sayenera kudabwa akatsekeredwa zitseko.

Tsopano gawo lowawa. Pano pa Domasi timadziwa ogula mpunga amene ali ndi miyezo iwiri, wina wogulira, wina wogulitsira, ndipo timadziwa zimene Surah Al-Mutaffifin ikunena za iwo. Muyezo umene ndayezera kalpa ndiyenera kuyezeranso zathu. Chitulukire buku la Maurice Bucaille m'chaka cha 1976, takhala tikumva mawerengedwe ofanana ndi amenewa pa mimbari. Wina amati popeza Surah Fussilat ikutchula masiku awiri a dziko lapansi, ndipo masiku onse a chilengedwe ndi asanu ndi limodzi, ndiye kuti dziko ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa thambo lonse. Gawani mabiliyoni 13.8 patatu, mupeza 4.6, Allahu Akbar! Koma zaka za m'ma 1980 asayansi ankati thambo lili ndi zaka pakati pa mabiliyoni 10 ndi 20. Chozizwitsacho chinali kuti nthawi imeneyo? Winanso amatulutsa liwiro la kuwala mu Surah As-Sajdah. Njira yake ndi yomwe ija ya kalpa: uyambe wadziwa yankho, kenako usake manambala oti akufikitsepo.

Makolo athu pa maphunziro anatichenjeza kalekale. At-Tabari anasunga m'buku lake la mbiri nkhani zakuti dziko lidzakhala zaka 7,000 kapena 6,000 zokha. Akanakhala kuti Asilamu anamangirira chikhulupiriro chawo pamenepo, bwenzi lero tili pamanyazi omwe ali pa otsatira Ussher. Ash-Shatibi wa ku Granada anatsutsa m'buku la Al-Muwafaqat anthu amene amakankhira maphunziro onse m'Qur'an. Imam al-Ghazali, koyambirira kwa Tahafut al-Falasifa, anati wokana kufotokoza kwa masamu pa nkhani ya kadamsana poganiza kuti akuteteza chipembedzo ndi amene akuchivulaza. Machenjezo awiriwa ndi amodzi. Wokana mwala ndi wokakamiza ayah kuti ifanane ndi mwala, onse aika Mawu a Allah pansi pa chinthu chimene mawa chingasinthe.

Qur'an yolemekezeka sinatchule chaka chimene dziko linalengedwa, ngakhale chaka chimene Adam (mtendere ukhale pa iye) anatsika. Liwu lakuti yawm ili nalo m'miyezo yosiyana: mu Surah Al-Hajj tsiku likufanizidwa ndi zaka 1,000, mu Surah Al-Ma'arij ndi zaka 50,000. Kwa ine ichi chikukwanira kundiletsa kuwerengera masiku a chilengedwe ndi wotchi ya pamkono, ndipo chikundiletsanso kupanga nawo masamu. Timakhulupirira kuti Adam analengedwa ndi Allah, nalemekezedwa, naphunzitsidwa mayina. Nsagwada ya ku Uraha ndi ya cholengedwa cha Allah chimene chinayenda m'mbali mwa nyanja yathu. Woitcha mwana wa Adam, kapena woitcha bodza la azungu, walankhula pamene Qur'an yakhala chete. Chimene chanenedwa momveka, mu Surah Al-Ankabut ndime 20, ndi lamulo loti tiyende pa dziko tikaone mmene chilengedwe chinayambira. Lamulo limenelo al-Biruni analimvera, ndipo anthu amene anasefa mchenga wa pa Uraha analichita ngakhale mwina sanalimvepo.

Loweruka lotsatira ndinamutenga mnyamata uja, pamodzi ndi anzake atatu, kupita kumtsinje. Tinatola miyala pamwamba pa mlatho, tinatolanso ina kumunsi kumene madzi amafatsa, tinaiyala pa mkeka wa madrasa molingana ndi kukula kwake. Ndinawawerengera zimene al-Biruni anaona, kenako tinawerengera limodzi zaka za yuga pa bolodi mpaka tinaipeza nsagwada ija m'nyengo ya Krita. Mnyamatayo anaseka, kenako anakhala chete. Mmodzi mwa anzakewo anafunsa ngati pa mayeso a MSCE ayenera kulemba zimene zili m'buku la sukulu. Ndinati alembe, ndipo alembe bwino, popeza funso likufuna zimene asayansi apeza ndi mmene anazipezera. Wa Fomu 4 uja sanabwererenso ku funso lake loyamba. Anafunsa mtengo wa basi yochoka ku Zomba kupita ku Karonga, ndiponso ngati komiti ya mzikiti ingavomere kuti ulendo wa ana a madrasa chaka chino ukhale wokaona mafupa.