Misozi Yanga pa Filimu ya Freddie Mercury

Ndinaonera Bohemian Rhapsody ya 2018 misozi ikulengeza m'maso, koma pambuyo pake mtima unandiwawa. Filimuyi imaonetsa Freddie Mercury, wobadwira ku Zanzibar, akuuza anzake a gulu la Queen kuti ali ndi SIDA asanaimbe pa Live Aid mu 1985. Komatu anapezeka ndi matendawa mu 1987, ndipo anaulula poyera mu 1991, kutatsala tsiku limodzi kuti amwalire. Rami Malek wasewera mwaluso, nyimbonso n'zogwira mtima. Koma opanga filimu anadumpha zaka zinai za cinsinsi ndi mantha. Ife amene timawerenga mauthenga a maliro pa wailesi tikudziwa kulemera kwa zaka zoterozo. Nkhani yeniyeni inali pamenepo.