Dandaulo Lokoma la The Records

Chakumapeto kwa 1978, anyamata anayi a ku Britain anatulutsa nyimbo yawo yoyamba, Starry Eyes. Gulu lawo linkatchedwa The Records. Will Birch, woimba ng'oma, ndi John Wicks, yemwe ankatsogolera kuimba uku akukhwacha gitala, anali atachokera m'gulu la Kursaal Flyers lomwe linatha mu 1977. Anatenga Huw Gower kuti aziimba gitala yotsogolera, Phil Brown n'kukhala pa besi.

Nyimboyi inabadwa pa nthawi yovuta. Manyuzipepala a zoimbaimba a ku London, monga NME, Sounds ndi Melody Maker, ndiwo ankakweza ndi kugwetsa oimba sabata ndi sabata, ndipo mitima ya olemba ake inali idakali pa punk ndi ukali wake. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho ena mwa iwo anatamanda power pop ngati chamba chodzalowa m'malo mwa punk, koma posakhalitsa anayamba kuchinyoza kuti n'kungobwereza za The Beatles. Dzina la chambachi analiyambitsa ndi Pete Townshend wa The Who mu 1967. Pomwe The Records ankatulukira, dzinalo linali litasanduka katundu wolemera pamutu pa aliyense wolisenza. Starry Eyes sinalowe n'komwe pamndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain.

Ine ndimaona kuti anthu anaweruza dzina la chamba, nyimboyo osaitchera khutu. Tamverani mmene imayambira. Gitala imalira mowala ngati belu, kukumbutsa The Byrds, koma ng'oma za Birch sizilola kuti muwodzere: zimakankha nyimbo kutsogolo ndi liwiro lomwe punk inabweretsa. Wicks amaimba mosakuwa, mawu onse akumveka. Pofika pa kolasi anzake amamupolokozera m'mwamba, mawu atatu n'kulukana, ndipo kamodzi kokha n'kokwanira kuti uyambe kuimba nawo. Eni ake sanabise kuti anatengera mphamvu ya nyimbo ya Eddie and the Hot Rods ya mu 1977, Do Anything You Wanna Do, ndipo ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo, chifukwa zomwe anamangapo n'zawozawo.

Luso lenileni lili pa kusemphana kwa mawu ndi chuni. Ukangomva mutu wake ungaganize kuti ndi nyimbo ya chikondi. Ayi ndithu. Birch analemba mawuwo podzudzula manijala yemwe anapita kukasangalala ku France, oimba ake ali m'mavuto kumudzi. Ndi kalata yochotsa munthu ntchito, koma yoimbidwa mokoma moti wodzudzulidwayo akhoza kuvina nawo. Ife Amalawi izi si zachilendo. Mayi pamtondo amadandaula za mwamuna kapena apongozi m'nyimbo yoti mudzi wonse umangoti koma ndiye yakoma, uku uthenga utafika kwa mwini wake. Mkwiyo wokuwa umatopetsa msanga. Uwu, wobisala m'chuni chotsekemera, umakupeza pomwe wamvera kachitatu.

Oyamba kuzindikira luso la The Records anali oimba anzawo ndi anthu akutali. The Searchers, akuluakulu a ku Liverpool a m'ma 1960, anajambula nyimbo ina ya Birch ndi Wicks, Hearts in Her Eyes. Kampani ya Virgin inawatenga The Records, ndipo mu 1979 anatulutsa chimbale cha Shades in Bed. Ku America, komwe chaka chimenecho My Sharona ya The Knack inafika pa nambala 1, mawailesi anailandira Starry Eyes mpaka inakwera pa nambala 56 pamndandanda wa Billboard.

Gulu la The Records silinakhalitse, linatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Wicks anasamukira ku America komwe anamwalira mu 2018, pomwe Birch anasanduka mlembi wa mabuku a mbiri ya oimba, kuphatikizapo Ian Dury ndi Nick Lowe. Mu 1993, kampani ya Rhino itasonkhanitsa nyimbo za pop za ku Britain za 1978 ndi 1979 pachimbale chimodzi, inachipatsa dzina loti Starry Eyes.