Buku la Nyambe silitsika pa Chinyunyu

Pa Chinyunyu sitisowa zodutsa. Msewu wa Great East umatibweretsera mabasi a ku Chipata, mathiraki a ku Malawi, ndi anthu a ku Lusaka amene amabwera Loweruka kudzaona madzi otentha otuluka pansi, n'kujambulitsa zithunzi, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Makala amakwera pano, tomato ndi nkhuku zimakweranso. Zotsika ndi feteleza, malata ndi zakumwa. Buku lowerenga mwa kufuna kwa mtima, lopanda chidindo cha sukulu, sindinalionepo likutsika, chonsecho kuchokera pano kufika ku Lusaka sipakwana makilomita 100.

Ndayamba ndi msewu chifukwa mtundu wa zolemba umene ndikufuna kuuweruza umadalira mtengatenga kuposa ina yonse. Kunja amautcha RPG ya pa tebulo. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira. Mmodzi ndiye mwini nthano: amafotokoza mudzi, mtsinje wodzaza, mlendo amene wagogoda usiku. Enawo aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, n'kumamulankhulira ndi kumusankhira zochita. Pakafika chinthu chokayikitsa, monga kuwoloka mtsinje uja, amaponya dayisi, ndipo dayisiyo ndi imene imagamula. M'buku la masewerawa mulibe nkhani yomalizidwa. Muli malamulo, mapu ndi mbiri ya dziko lopekalo. Ife amene tinakula tikuyankha "tili tonse" sitingadabwe nazo kwambiri, koma kusiyana kulipo ndithu: agogo ankadziwa kumene Kalulu akathere, pamene apa ngakhale mwini nthano sadziwa.

Masewerawa anabadwa ngati ntchito yodzisindikizira wekha. Mu 1974 Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons kudzera m'kakampani ka TSR kamene Gygax anayambitsa ndi mnzake Don Kaye, makampani ena atawakana. Anasindikiza makope 1,000 okha, timabuku titatu tating'ono m'kabokosi ka madola 10, ndipo ankalongedza ndi manja kunyumba kwa Gygax ku Lake Geneva, Wisconsin. Kumbukirani timabuku titatu timeneti, chifukwa pambuyo pake zinthu zinanenepa. Lero buku la RPG lodzilemekeza limakhala ndi chikuto cholimba, masamba mazanamazana a pepala lonyezimira, ndipo limalemera ngati njerwa.

Njerwa yoyamba imene inandikoka mtima ili ndi dzina la kwathu kuno. Nyambe: African Adventures, lolembedwa ndi Chris Dolunt, linatuluka mu 2002 ku Atlas Games ya ku Minnesota. Nyambe ndi dzina la Mlengi kwa Alozi. M'nthano yawo iye anatopa ndi Kamunu, munthu woyamba, amene ankatengera chilichonse chimene Nyambe ankachita mpaka kuyamba kupha nyama, choncho anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude kuti munthu asam'pezenso. Bukuli nalonso linakwera kumene Mlozi wa ku Mongu sangalifikire. Ndinaliwerenga pa foni, tsamba ndi tsamba, ndikukulitsa zilembo ndi zala.

Ndisalinyoze mopanda chilungamo. Dolunt anagwira ntchito mwaulemu pa nthawi imene Africa m'masewera otere ankangokhala nkhalango yoti mzungu akasakemo chuma. Anamanga dziko lonse, Nyambe-tanda, lokhala ndi mafumu ake, malonda ake ndi nzeru zake. Koma mukawerenga mumamva kuti munthu amene akulankhulidwa si inu. Mizimu imatchedwa orisha, mawu a Chiyoruba a ku Nigeria, m'dziko lotchedwa ndi dzina la Chilozi, ngati mmene munthu angaphikire chikanda ndi jolofu mumphika umodzi n'kunena kuti ndi chakudya cha ku Africa. Masamba ambiri amathera pa kufotokoza kuti makolo akufa amalemekezedwa, kuti mfumu ili ndi nduna, kuti sing'anga ndi ndani. Ndiponso bukulo silidziimira lokha: kuti musewere mufunika buku lina la malamulo a Dungeons & Dragons, ndi dayisi ya mbali 20, imene sindinaionepo m'sitolo iliyonse pakati pa Chongwe ndi mlatho wa Luangwa.

Apa m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chandichititsa kulemba. Kulemera kwa buku kumaulula munthu amene walemberedwa. Masamba opitirira 200 amafunika chifukwa wowerenga wa ku Ohio ayenera kuphunzitsidwa kaye kuti mudzi n'chiyani. Kufotokoza kumeneko kumasanduka pepala, pepala limasanduka makilogalamu, ndipo makilogalamu amasanduka mtengo wotumizira umene nthawi zambiri umapikisana ndi mtengo wa buku lenilenilo likamabwera kuno. Ife timalipira madola kuti tinyamulidwire mawu otiuza zimene mwana wa giredi 3 amadziwa kale.

The Wagadu Chronicles inayesa njira ina. Allan Cudicio, wa makolo a ku Ghana ndi ku Italy, anayambitsa Twin Drums ku Berlin, ndipo mu 2020 anasonkhetsa ndalama pa Kickstarter, kumene anthu amalipiriratu chinthu chisanapangidwe. Wagadu ndi dzina la Chisoninke la ufumu wakale wa Ghana. Buku lofotokoza dzikolo analigawa kwaulere pa intaneti, ndipo zithunzi zake n'zokongola moti munthu umaiwala kuwerenga. Masewera ake a pa kompyuta anatsekedwa mu 2024, bukulo linatsala. Komabe zaulere za ku Berlin zikafika pa Chinyunyu zimakhala ndi mtengo: bandulo ya intaneti, foni yokhala ndi malo, batire lodzaza, ndi Chingerezi chakuya. Njira ya Kickstarter nayo ndi yotsekeka kwa ife, pakuti munthu wokhala ku Zambia angathe kuperekapo ndalama koma sangatsegulepo ntchito yake. Cudicio anatha kutero chifukwa anali ku Germany.

Mwa onse, amene ndimamuvulira chipewa ndi Kevin Crawford, mzungu wa ku America wogwira ntchito yekha, amene anatulutsa Spears of the Dawn mu 2013. Bukulo lili ndi malamulo ake onse mkati, ndipo iye atalipira ojambula anamasula zithunzi za m'bukumo kuti aliyense azigwiritse ntchito popanda kupempha. Wolemba wa kuno amene alibe ndalama ya wojambula akhoza kuzitenga lero lomwe. Koma buku lake la pepala limasindikizidwa munthu akaitanitsa, ku America kapena ku Britain, choncho vuto la njerwa likadalipo.

Tisaganize kuti mtengatenga umavutitsa ife tokha. Pofika mu 2021 mtengo wotumizira kontena imodzi pa sitima unali utakwera kuchoka pa madola osakwana 2,000 mpaka kupitirira 10,000, ndipo opanga masewera ang'onoang'ono amene anali atalandira kale ndalama za anthu anayamba kubwerera kwa ogula kukapempha zowonjezera. Mu Epulo 2025 msonkho wa America pa katundu wa ku China unafika pa 145 peresenti kwa kanthawi, pamene mabokosi ambiri a masewera amapangidwa ku China komweko. Iwo amalira pamene ali ndi madoko awoawo. Ife kontena iyenera kutsika ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban, n'kuyambanso ulendo wina wa pa msewu.

Tsopano ndidziweruze ndekha, pakuti nanenso ndinayesa. Ndinalemba kamasewera ka m'Chinyanja ka masamba 12, konena za onyamula katundu otsikira ku Feira, kumene lero timati Luangwa, m'masiku a Achikunda ndi malonda a minyanga. Ndinapita ku Chongwe kukachita fotokope makope 40. Unali 2024, chaka cha chilala, madzi atachepa ku Kariba, ndipo ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo kudikira magetsi. Ndinamanga ndi sitepula ndekha. Makope khumi ndinawaika mu envelopu yopita kwa mnzanga wina, mphunzitsi wa ku Katete, n'kuipereka kwa kondakitala wa basi pamodzi ndi ndalama yoposa imene ndinalipira pa mapepala a mkatimo. Envelopuyo inapitirira mpaka ku Chipata, inagona kumeneko masiku angapo, ndipo inafika kwa mwini wake ikununkha kapenta. Komabe inafika, ndipo ndinadziwa pamene ili mwa kungoimba foni. Basi ndi ndalama za pa foni ndiyo positi imene tili nayo, ndipo imakonda zinthu zopyapyala zolowa m'thumba la jekete.

Cholakwa changa chachikulu chinali mkati mwa mapepalawo. Pa masamba 12 aja, asanu ndi limodzi ndinawadzaza ndi mbiri: Achikunda anali ndani, Apwitikizi anafika bwanji ku Zumbo, ulendo unkayenda motani. Ndinatengera khalidwe la njerwa popanda kudzifunsa chifukwa chake. Titakhala pansi kusewera ndi anzanga anayi, palibe anawerenga masambawo. Mmodzi anangofunsa kuti, "Kodi ine ndine mphwake wa ndani?" Atayankhidwa kuti mtsogoleri wa ulendo ndi amalume ake, masewera anayaka okha, chifukwa aliyense pa tebulopo ankadziwa chimene mphwa angakane ndi chimene sangakane. Chiganizo chimodzi chinagwira ntchito imene masamba asanu ndi limodzi analephera. Mnzanga wina anandifunsanso chifukwa chake sindinalembe m'Chisoli, popeza pano ndi dziko la Asoli a Mfumu Bunda Bunda. Ndinamuyankha kuti Chinyanja chimakwera basi mpaka ku Lundazi ndi ku Lilongwe. Sanakhutire, ndipo posewera munthu wake ankalankhula Chisoli chokhachokha.

Pali chinanso chimene mabuku a kunja sangatiphunzitse. M'masewera awo matsenga ndi chida wamba, cholembedwa m'mizere ndi manambala ngati mitengo ya m'sitolo. Kuno mawu akuti mfiti amatha kuthamangitsa nkhalamba pamudzi, ndipo lamulo la ufiti la 1914 likadali m'mabuku a boma. Dayisi nayo anthu ambiri amaiona ngati njuga. Mayi wa nyumba imene tinkasewerera anaima pakhomo nthawi yaitali akumvetsera, mpaka anafunsa ngati pali ndalama pa tebulo. Ku America komwe, m'zaka za m'ma 1980, mipingo ina inaukira Dungeons & Dragons kuti ndi ya satana, koma kumeneko anthu ankaopa buku, pamene kuno amaopa munthu wa nyumba yoyandikana nayo. Wolemba wa Chinyanja amene angomasulira mndandanda wa matsenga wa Nyambe adzaika osewera ake pa mavuto. Ine ndinachotsamo mfiti yense, ndinasiya maloto, malodza ndi mkango umene anthu sagwirizana ngati ndi mkango chabe. Zinaopsa kwambiri kuposa poyamba.

Chitsanzo chimene ndinayenera kutsatira chinalipo kale. John Harper anatulutsa Lasers & Feelings mu 2013 pa tsamba limodzi lokha, ndipo imaseweredwa ndi dayisi ya mbali zisanu ndi imodzi, yomweyi ya m'bokosi la Ludo. Grant Howitt anachitanso chimodzimodzi ndi Honey Heist mu 2017. Masewerawa ndi afupi chifukwa amadalira zimene osewera amadziwa kale kuchokera m'mafilimu. Ife nkhokwe yathu yoteroyo ndi yaikulu kuposa pamenepo: ubale, milandu ya kwa amfumu, chimbuya cha pa maliro, ngongole ya feteleza. Ndipo mwini nthano waluso tinali naye. Julius Chongo, pa pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo pa wailesi ya Zambia, ankasintha mawu yekha kukhala nkhalamba, mtsikana ndi chilombo, ndipo nkhani zake zinkafika m'midzi popanda kondakitala. Wofuna kuphunzira kutsogolera masewerawa m'Chinyanja apindula kwambiri ndi Chongo kuposa mutu uliwonse wa malangizo wa m'mabuku a ku Minnesota.

Ena adzati ndikulalikira umphawi, kuti nafenso tiyenera kukhala ndi mabuku a chikuto cholimba oima pa shelefu. Ndikuvomera kuti chilakolako chimenecho ndili nacho. Pepala la fotokope limang'ambika, inki imafufutika ndi thukuta, ndipo palibe laibulale imene ingalisunge. Tsamba limodzi lilinso ndi vuto la ndalama, chifukwa chinthu chosavuta kutumiza n'chosavutanso kukopera. Kamasewera kanga ndakadula tsopano kufika pa masamba anayi, pepala limodzi lopinda pakati. Mnzanga wa ku Katete anandiimbira mwezi watha kuti makope khumi aja anabereka: ana a sukulu anawajambula ndi foni, akutumizirana pa WhatsApp, ndipo gulu lina lasintha Feira kukhala msika wa pa malire a Chanida, onyamula minyanga asanduka onyamula salaula. Pa makope onsewo ndinalandira ndalama ya atatu, ndipo imeneyo inathera pa basi yobwerera kuchokera ku Chongwe.