Mabedi, wotchinga amene ankafika mpira usanafike

Patrick Mabedi ankasewera mpira ndi maso poyamba, mwendo unkabwera pambuyo. Timu ina ikayamba kubwera ndi mpira, iye sankathamangira amene ali nawo. Ankayang'ana m'chiuno mwa wopatsirayo, n'kuponya diso kwa womwetsa zigoli amene wayamba kusuntha, kenako n'kuponda masitepe awiri kapena atatu cham'mbali. Mpira pochoka ku phazi la wopatsira uja unkapeza Mabedi ataima kale panjira. Woonera ankangoti mnzathuyo wapatsira molakwika, osadziwa kuti njirayo inatsekedwa kalekale.

Luso limeneli ndi losavuta kuliphonya, chifukwa silidzutsa anthu pamipando. Wotchinga amene wachedwa ndiye amadziponya pansi, fumbi koboo, bwalo lonse n'kukuwa. Wofika msanga amangotenga mpira ngati mayi akuchotsa poto pamoto madzi asanasefukire. Ine ndimaika Mabedi pamwamba pa otchinga onse amene Malawi anatumiza kunja chifukwa cha kufika msanga kumeneku.

Anachoka ku Bullets ya ku Blantyre kupita ku Kaizer Chiefs chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Chiefs si timu yoti mlendo n'kungofikira kukhala pansi. Otsatira ake ali ponseponse mu South Africa, ndipo wotchinga akalakwitsa kamodzi dzina lake limakhala pakamwa pa anthu sabata yonse. Mnyamata wa ku Malawi anapirira zimenezo mpaka anapatsidwa lamba wa ukaputeni, ndipo anthu anayamba kumutchula kuti General.

Chaka cha 2001 ndi chimene chimaonetsa bwino munthuyu. Pansi pa mphunzitsi Muhsin Ertugral, Chiefs inafika mu ndime yotsiriza ya African Cup Winners' Cup, chikho chimene ambiri ankachitcha Mandela Cup, ndipo inakumana ndi Interclube ya ku Angola. Ku Luanda anafanana mphamvu 1-1. Pamasewero achibwereza ku Johannesburg, ntchito yaikulu inali kumbuyo: chigoli chakoyenda chija chinali chokwanira bola pagolo pasalowe kanthu. Masewero otere amapsetsa mtima wotchinga, chifukwa mphindi iliyonse imene ikudutsa ndi pamene mlendo amaponya zonse kutsogolo. Pagolo sipanalowe kanthu. Ndipo itapezeka penate, amene anauika mpira pamalo ake n'kuumwetsa anali Mabedi yemweyo. Chiefs inapambana 1-0, n'kutenga chikho chake choyamba cha mu Africa. Taganizani, timu yodzaza ndi akatswiri a kutsogolo kupereka penate yotere kwa munthu wa kumbuyo. Ankadziwa kuti mtima wake sugunda mofulumira.

Kenako kunabwera ligi. Chiefs inali itakhala osaitenga kuyambira 1992, ndipo inadzaitenga mu 2003/04 ndi 2004/05 pansi pa Ted Dumitru, Mabedi ali kaputeni. Anthu akamakumbuka chaka chachiwiricho amatchula Collins Mbesuma wa ku Zambia ndi zigoli zake 25, ndipo n'zoyenera. Koma mpira wa Dumitru unali wopatsirana pansi, woyambira kumbuyo, ndipo sungatheke ngati wotchinga amangomenya mpira kutali akaopsezedwa. Mabedi akalanda mpira ankauponda, n'kudzutsa mutu, n'kuupereka kwa wapakati amene ali pabwino. Zigoli zambiri zimene zinkathera kwa Mbesuma zinkayambira pa phazi lodekha limenelo.

Palinso ntchito ina imene kamera siitsata, ya pakamwa ndi dzanja. Otchinga anayi amayenera kuyenda ngati omangidwa pa chingwe chimodzi. Mmodzi akatsalira ndi sitepe imodzi yokha, msampha wa ofusayidi wafa, womwetsa zigoli watsala ndi goloboyi. Mabedi ndiye ankagwira chingwecho. Dzanja lili m'mwamba kukankha mzere kuti ukwere, chala chikuloza munthu amene sanamakidwe, pakamwa posatseka. Pa kona ankayamba waika anzake m'malo, iye n'kudzaima pomaliza. Ndipo akakumana ndi wachenga maso ndi maso sankaluma nyambo: ankabwerera pang'onopang'ono, thupi atalipendeketsa, kumukankhira mnzakeyo kumzere kumene kulibe ngozi, mpaka wachengayo atadzitayitsa yekha mpira.

Kuno ku Somerset West, mu South Africa, dzinali likadali ndi ntchito. Amalawi ambiri amene amagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'malesitilanti ndi pa zomangamanga amakhala ku Lwandle ndi ku Nomzamo, pakati pa anthu amene Chiefs ili m'magazi. Ukakwera takisi ndi bambo wachikulire wovala jezi yachikasu ya Chiefs, iye n'kumva kuti ndiwe wa ku Malawi, kawirikawiri dzina loyamba kutuluka ndi la Mabedi, kenako Ernest Mtawali ndi John Maduka. Nkhope imamasuka, macheza n'kuyamba. M'dziko limene mlendo amayenda mochenjera, ulemu umenewu si waung'ono, ndipo anatigulira ndi munthu amene ntchito yake inali yoletsa ena kumwetsa.

Atachoka ku Chiefs mu 2006 anakasewera ku Moroka Swallows, kenako analowa uphunzitsi. Anabwereranso ku Chiefs ngati wothandizira mphunzitsi, ndipo mu 2023 anapatsidwa Flames, ntchito imene inatha chaka chotsatira. Za uphunzitsi wake anthu amatsutsana, ndipo ali ndi ufulu wotero. Za Mabedi wa m'bwalo, amene ankavala lamba pamkono ku FNB Stadium, sindinamvepo wotsatira Chiefs akutsutsa, ngakhale a Orlando Pirates amangopukusa mutu n'kuvomera kuti munthu uja ankawavutitsa.